Paprika mumphika: kaphikidwe koti msuzi ufiire popanda kupserera

Alimi ambiri a m'chigawo chapakati amamudziwa paprika ngati mbewu ya ndalama. Amafesa pa nazale, kuwokera, kuthyola akafiira, kuyanika, kusankha magiredi, kenako kudikira ogula abwere ndi sikelo. Mukafunsa m'nyumba zomwezo ngati anamuthirapo mu ndiwo, ambiri amayankha kuti uja ndi wogulitsa, sadya. Zimandikhudza ndithu, chifukwa tsabola ameneyu akapita kunja, wina amakamufinya kuti apeze utoto wofiira wa m'zakudya, wina amakamugaya n'kumuika m'timabotolo tofanana ndi tomwe timagula modula m'masitolo a m'tauni. Chinthu chili kumunda kwathu komwe, koma kukhitchini sitinachizolowere.

Paprika ndi ufa wa tsabola wofiira wouma. Ndi wa banja limodzi ndi tsabola wobiriwira uja timadula mu nyama, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo. Anafika ku Spain pambuyo pa maulendo a Columbus amene anayamba mu 1492, kenako anafalikira mpaka ku Hungary, komwe lero mizinda ya Szeged ndi Kalocsa imadziwika ndi paprika monga momwe Karonga imadziwikira ndi mpunga wa kilombero. Musamuyembekezere kuti agwire ntchito ya kambuzi. Ntchito yake ndi kufiiritsa chakudya, kupereka kafungo, ndi kakomedwe kotsekemera pang'ono kamene kamachititsa msuzi kumveka ngati wakhalitsa pamoto.

Pali zinthu ziwiri zoti muzigwire m'mutu, ndipo malangizo onse otsatirawa achokera pa izo. Utoto ndi fungo la paprika zimasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. Ndipo mu ufa umenewu muli shuga wachilengedwe amene sachedwa kupserera. Ndiye paprika amafuna mafuta otentha, koma amadana ndi moto waukali.

Kusankha paprika

Pa botolo kapena papaketi pamalembedwa mtundu wake, nthawi zambiri m'Chingerezi. Wamba, amene pamangolembedwa dzina lokha kapena mawu oti sweet, sawawa n'komwe ndipo ana amadya bwinobwino. Wolembedwa hot amawawa, koma osafika pa kambuzi. Wachitatu ndi wautsi, wolembedwa smoked. Wotchuka kwambiri wa mtundu umenewu amachokera ku dera la La Vera ku Spain, komwe amaumitsa tsabola ndi utsi wa nkhuni za mtengo wa oak kwa masiku pafupifupi 10 mpaka 15. Ngati mukuyamba kumene, gulani wamba uja. Wautsi ndi wamphamvu, ndipo mukachulutsa, ndiwo zonse zimangomveka utsi.

Yang'anani mtundu. Paprika wabwino amakhala wofiira mowala. Akayamba kuoneka ngati dothi la katondo louma kapena njerwa yakale, ndiye kuti wakhalitsa pashelefu kapena wawombedwa ndi dzuwa. Ngati mukugula woyeza pamsika, pemphani kuti mununkhize, ndipo tengani pang'ono mufikise pakati pa zala. Akhale wosalala, wopanda mchenga, wonunkhira ngati tsabola wakupsa. Wopanda fungo musagule ngakhale atchipe bwanji. Samalaninso ndi ufa wofiira mopitirira muyeso umene wogulitsa sangakuuzeni komwe wachokera. Ku Hungary komweko mu 1994, anthu ena achinyengo anasakaniza paprika ndi utoto wokhala ndi mtovu kuti aoneke wofiira kwambiri, ndipo anthu anagonekedwa m'chipatala. Gulani pang'onopang'ono, kwa munthu kapena sitolo imene mumaikhulupirira.

Kathiridwe kake

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndiye tichedwepo.

Terekani poto, thirani mafuta, ndipo kazingani anyezi pamoto wapakatikati mpaka afewe n'kuyamba kuoneka agolide. Musathamangire. Anyezi wofewa bwino ndiye amagwiritsa msuzi, komanso madzi ake ochepa amateteza paprika kuti asakhudze chitsulo chotentha.

Musanatsegule botolo la paprika, ikani pafupi chimene mudzathire pambuyo pake: tomato wodula kale, kapena kapu ya madzi. Mukayamba kufunafuna mpeni paprika ali kale m'mafuta, mwachedwa.

Tsopano phulani poto. Muchotseretu pamoto, mumuike pansi kapena pambali. Kwa ophika pa mbaula kapena pa mafuwa izi n'zofunika kwambiri, chifukwa makala sungawachepetse mphamvu ngati momwe umachitira ndi gasi. Ngakhale pa chitofu chamagetsi, mbale yake ija imakhalabe yotentha mukazimitsa, choncho kuphula ndiye njira yodalirika. Dikirani pang'ono kuti mafuta asiye kuthetheka.

Thirani paprika, takasani msanga ndi mthiko mpaka ufa wonse unyowe ndi mafuta. Masekondi 20 kapena 30 akwana. Mudzaona mafuta akusanduka ofiira, ndipo kafungo kabwino kadzakwera. Nthawi yomweyo thirani tomato kapena madzi pang'ono, takasani, n'kubwezera poto pamoto. Madzi akalowa, paprika sangapsererenso malinga ngati msuzi sunaphwe.

Mukaona ufa wada n'kuyamba kununkha ngati chimanga chopserera pa chiwaya, palibe chokonza. Kuwawa kwake si kwa tsabola, ndi kuja kwa mankhwala, kokakamira kukhosi, ndipo shuga kapena tomato sizingakubise. Tayani anyeziyo, tsukani poto, yambiraninso. Kutaya anyezi mmodzi n'kopepuka kusiyana ndi kuwononga nkhuku yonse.

Nanga kungowaza paprika mu msuzi umene ukuwira kale? Sizowononga, koma mumapeza theka la zimene mwalipira. Ufa umayandama, mtundu umatuluka wotuwa, ndipo nthawi zina umamveka ngati fumbi palilime. Ngati mwaiwala kuthira poyamba, tenthetsani supuni imodzi ya mafuta padera, phulani, sungunulani paprika m'menemo, kenako khuthulirani mumphika.

Za muyeso, paprika wosawawa safuna kuumira. Pa ndiwo za anthu anayi kapena asanu, supuni yaikulu imodzi ndi poyambira. Wowawa kapena wautsi, yambani ndi theka la supuni ya tiyi, mulawe, kenako muonjezere.

Nkhuku ya paprika

Anthu a ku Hungary ali ndi chakudya chomwe amachitcha paprikás csirke, nkhuku yophikidwa mu anyezi ndi paprika, yomalizidwa ndi kirimu wowawasa. Kuno kirimu wotere sapezeka paliponse, koma chambiko chimagwira ntchitoyo bwino, ndipo msuzi wake umayenda ndi nsima ngati kuti anapangira ife. Mufunika nkhuku imodzi yoduladula, anyezi akuluakulu atatu, adyo timagawo titatu, tomato awiri akupsa, tsabola wobiriwira mmodzi, mafuta supuni zazikulu zitatu, paprika wosawawa supuni zazikulu ziwiri, mchere, theka la kapu ya chambiko, ndi supuni imodzi ya fulawa.

Pukutani nyama kuti iume, ithireni mchere, ndipo ikazingeni m'mafuta otentha mpaka khungu lifiire mbali zonse. Musadzaze poto. Ngati ndi wamng'ono kazingani kawiri, chifukwa nyama yothithikana imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Ichotseni muiike m'mbale.

M'mafuta omwewo ikani anyezi wodula bwino. Anyezi atatu akuoneka ochuluka, koma musachepetse, chifukwa ndi amene adzasungunuke n'kukhala msuzi. Akazingeni mofatsa kwa mphindi 10 kapena kuposerapo, mukupalira ndi mthiko zokakamira za nyama pansi pa poto. Akafewa, ikani adyo wosinja kwa kanthawi kochepa.

Phulani poto, thirani paprika, takasani, kenako tomato ndi tsabola wobiriwira. Bwezerani pamoto, tomato aphwanyike. Bwezeraninso nyama pamodzi ndi madzi ake amene atsikira m'mbale, ndipo onjezerani madzi ofika theka la nyama basi, osaimiza. Vindikirani, ndipo moto ukhale wochepa woti mphika uzingobwata pang'onopang'ono. Pa mbaula, chotsaniko makala ena kapena thirani phulusa pang'ono pamwamba pake.

Nkhuku yachizungu imapsa pa mphindi 30 mpaka 40. Yachikuda imafuna ola ndi theka, mwinanso awiri ngati ndi tambala wokalamba, ndipo muzionjezera madzi otentha pang'onopang'ono kuti pansi pasagwire. Ine ndimakonda yachikuda pa chakudya chimenechi, chifukwa nthawi yaitali ija imapatsa mpata anyezi ndi paprika kulowerera mpaka ku fupa.

Nyama ikafewa, sakanizani chambiko ndi fulawa m'kapu mpaka mibulu ithe. Tungani msuzi wotentha supuni ziwiri kapena zitatu, thirani m'kapumo mukutakasa, kuti chambiko chifunde. Mukachithira chozizira mumphika wowira, chimadukaduka n'kuoneka ngati mkaka wowonongeka. Chikafunda, khuthulirani mumphika, takasani, ndipo mulole ubwate mofatsa mphindi zisanu kuti fulawa apse. Lawani mchere. Msuzi umatuluka wofiirira, wogwirana, wowawasa pang'ono. Ngati m'nyumba muli wosadya za mkaka, siyani chambiko ndi fulawa, ingotsegulani chivindikiro kumapeto kuti msuzi uphweko. Okonda zowawa aike kambuzi wawo pambale.

Nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi imayenda chimodzimodzi, kungoti imatenga nthawi yaitali. Mukaonjezera madzi ambiri, mbatatesi ndi karoti, mwayandikira msuzi umene ku Hungary amautcha gulyás, dzina lochokera kwa abusa a ng'ombe amene ankauphika kubusa.

Ndiwo za masiku onse

Nyemba ndi zimene zimaonetsa msanga phindu la paprika. Ziphikeni monga mwa nthawi zonse mpaka zifewe. Padera kazingani anyezi, phulani, thirani paprika supuni yaikulu imodzi, kenako tomato, n'kukhuthulira mu nyemba kuti zibwatire limodzi mphindi 10. Nthawi imene tomato wadula pamsika, paprika amathandiza kuti msuzi ufiire ndi tomato mmodzi yekha, ngakhale kuti kuwawasa kwa tomato iye alibe. Apa ndi pomwenso paprika wautsi amakoma: theka la supuni ya tiyi limachititsa nyemba kumveka ngati mwaikamo nyama yowamba. Nyama ya soya, imene payokha ilibe kakomedwe kenikeni, imasinthanso kwambiri mukaikazinga mwa njira yomweyi.

Pa nsomba yaiwisi monga chambo, sakanizani paprika supuni ya tiyi imodzi, mchere, adyo, madzi a ndimu ndi mafuta pang'ono. Chekani nsomba m'mbali, pakani zosakanizazo mpaka m'mabala, ndipo muisiye mphindi 20. Ngati mukuwotcha, makala akhale atayera phulusa, opanda malawi, ndipo waya akhale patali pang'ono ndi moto. Ngati mukukazinga m'mafuta ambiri, musapake paprika kunja, chifukwa adzagwera m'mafutamo n'kuda. Muikeni mu msuzi wa tomato wodyera nsombayo. Usipa ndi matemba ali kale ndi fungo lawo lamphamvu, choncho paprika amangowathandiza mtundu wa msuzi.

Kanyenya amafuna chisamaliro chomwecho. Nyama yopakidwa paprika ikakhala pa malawi imada kunja isanapse mkati. Pakani paprika wosakaniza ndi mafuta, wotcherani pamoto wodekha, kapena wotchani ndi mchere wokha n'kupaka mafuta a paprika kutatsala mphindi zochepa kuti muphule.

Tchipisi, mbatata yokazinga ndi chinangwa chokazinga ndi zosavuta. Sakanizani paprika ndi mchere wosalala, supuni imodzi ya paprika pa supuni ziwiri za mchere, n'kuwaza zikangotuluka m'mafuta. Mafuta otsalira pamwamba pake ndi okwanira kudzutsa fungo. Chimodzimodzi pa mazira okazinga, mbuliwuli, ndi chimanga chowotcha chopaka majarini. Mpunga, kazingani anyezi ndi paprika kaye, ikani mpunga wotsuka mutakase, kenako madzi.

Masamba otendera sindimawathira paprika. Nsinjiro ndi nkhwani zili ndi kakomedwe kawo kokwanira, ndipo kufiira kukasakanikirana ndi kubiriwira kumatulutsa mtundu wosakopa. Kabichi wokazinga yekha ndiye amagwirizana naye.

Kupanga paprika wanu

Ngati mumalima paprika kapena muli ndi mnansi wolima, patulaniko pang'ono wa pakhomo. Ngati m'munda munapoperedwa mankhwala, onetsetsani kuti masiku odikira olembedwa pa botolo la mankhwalawo akwana musanathyole.

Sankhani tsabola wofiira kwathunthu, makamaka amene wayamba kukwinyika ali pamtengo, chifukwa ndi amene ali ndi utoto ndi shuga wambiri. Wobiriwira mbali imodzi, wobooledwa ndi mbozi, kapena wa madontho akuda, muikeni padera. Tsukani, pukutani, dulani kamchira, ng'ambani pakati, ndipo chotsani njere ndi timitsempha toyera ta mkati. M'timitsempha timeneti ndi momwe mumakhala kuwawa, ndipo njere zikachuluka zimatuwitsa ufa. Lawani kachidutswa kuti mudziwe ngati mtundu wanu uli wowawa kapena ayi.

Yanikani pa thandala kapena pa mphasa yoyera yoikidwa pamwamba, osati pa dothi pomwe nkhuku ndi fumbi zimafika. Malo abwino ndi opita mphepo, okhala ndi kamthunzi kopepuka, chifukwa dzuwa laukali la masiku ambiri limafwifwitsa mtundu. Tembenuzani tsiku lililonse, ndipo madzulo lowetsani m'nyumba kuti mame asamugwere. Wauma pamene mukamupinda akuthyoka kuti thyo. Akamapindika ngati chikopa, sanaume, ndipo mumtondo adzangomatirira.

Pa nkhani ya chuku musanyengerere. Tsabola wouma mochedwa kapena wosungidwa pachinyezi amachita nkhungu, ndipo nkhungu zina zimatulutsa poizoni yemwe uja timamuopa mu mtedza ndi chimanga, amene amawononga chiwindi. Kuphika sikumuchotsa. Aliyense amene mkati mwake muli zotuwa, zakuda kapena zobiriwira ngati ufa, tayani, musati mupale n'kusinja.

Tsiku losinja, muikeni padzuwa ola limodzi masana kuti akhale wouma bwino, ndipo sinjani nthawi yomweyo. Mtondo ukhale wouma, ndipo ngati munasinjiramo kambuzi, dziwani kuti paprika wanu adzawawa. Mangani kansalu kumphuno, chifukwa fumbi lake limayetsemulitsa ngakhale tsabolayo ali wosawawa. Sefani ndi sefa yosalala, bwezerani misere mumtondo, sinjaninso mpaka itatha. Amene ali ndi kamakina kogayira zokometsera agaye pang'onopang'ono, akupumitsa, kuti ufa usatenthe. Musadabwe kuona lichero lodzaza likutulutsa kabotolo kamodzi, chifukwa gawo lalikulu la tsabola wamuwisi ndi madzi.

Wautsi mungathenso kupanga. Ikani tsabola wong'amba pa nsanja pamwamba pa moto wa nkhuni, patali poti azilandira utsi ndi kafundidwe chabe, osati malawi, ndipo muzimutembenuza kwa masiku angapo mpaka aume. Nkhuni zikhale zouma ndi zoyera. Matabwa opaka penti, mapulasitiki oyatsira moto ndi mitengo ya utomoni woipa zisayandikire, chifukwa fungo lake lonse lidzalowa mu tsabola.

Mwina munamvapo kuti paprika ali ndi vitamini C wambiri. Chiyambi cha mbiri imeneyi ndi wasayansi Albert Szent-Györgyi, amene ankagwira ntchito ku Szeged ndipo anatulutsa vitamini ameneyu wochuluka kuchokera mu tsabola wa kumeneko. Analandira mphoto ya Nobel mu 1937. Koma vitamini C amachepa kwambiri poyanika ndi pophika, choncho amene akumufuna adye tsabola wofiira wamuwisi, monga mu kachumbali. Ufa uja tiziutenga ngati chokometsera.

Kasungidwe

Adani a paprika ndi kuwala, kutentha ndi chinyezi. Muikeni m'botolo louma lotsekeka bwino, ndipo ngati ndi loonekera mkati, lisungeni m'kabati kapena likulungeni ndi pepala. Pawindo ndi pashelefu ya pamwamba pa chitofu ndi malo oipitsitsa, ngakhale ndi pomwe dzanja limafika msanga. Musagwedeze botolo pamwamba pa mphika wowira, chifukwa nthunzi imalowa, ufa n'kuumbana mibulu kenako kuchita nkhungu. Tapani ndi supuni youma, kutali ndi mphika.

M'madera otentha monga kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, tizilombo ting'onoting'ono timakonda kuswana mu paprika. Amene ali ndi firiji asunge m'menemo, botolo lili lotseka ndithu. Mukaona timaulusi ngati ta kangaude kapena tizilombo tikuyenda mu ufa, tayani ndi kutsuka botolo ndi madzi otentha.

Paprika wogaya amakhala ndi mphamvu zake kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, kenako fungo limayamba kuthawa ngakhale mtundu ukadalipo. Lembani tsiku pa botolo. Mukakayika, sungunulani pang'ono mu supuni ya mafuta ofunda n'kununkhiza. Ngati mwapanga wanu, musasinje yense nthawi imodzi. Tsabola wouma wosasinja amasunga fungo nthawi yaitali kuposa ufa, ndiye musungeni m'chidebe chotseka pamalo ouma, muzisinja wokwanira mwezi umodzi, ndipo nyengo ya dzinja muzimutulutsa padzuwa tsiku likawala kuti chinyezi chisamulowe.